Mkazi Mnzake wa Fainesi

Fainesi akuti ndinabwerako ndi mkazi wina m'maso.
Wasecha chikwama, wanunkhiza kolala ya shati,
wapeza tikiti ya basi yong'ambika,
kansalu kofiira kolukidwa pamanja
ndi dothi lakuda m'mapindiro a buluku.
Ndamuuza kuti si mkazi, ndi dziko, dzina lake Gwatemala.
Wati ndiye zaipiratu,
akanakhala mkazi ndikanapita kukamulalatira pakhomo pake.

Anandituma masabata atatu okha
kukaona mmene anzathu okhala m'matsitso mwa mapiri
amachenjezerana nthaka ikafuna kutsetsereka,
ife a ku Chilobwe titaika kale athu m'manda,
ena osawapeza n'komwe.
Ndinanyamuka pa Chileka ndi kope, cholembera
ndi mtima wouma ngati chitsononkho.
Ndege zinayi, miyendo kutupa.
Sindinapite kukakonda kanthu ine.

M'mawa woyamba ndinadzuka ndi phokoso la m'manja kuseri kwa khoma,
phaphapha, phaphapha,
ndinayesa kuli chinkhoswe.
Anali atsikana atatu akuwomba chimanga pakati pa zikhato
mpaka chipyapyale ngati tsamba,
n'kuchigoneka pachiwaya.
Chimanga chathu chomwechi, koma china chakuda bii!
Mayi Chabela anandiikira ziwiri m'dzanja, zootcha,
osafunsa dzina langa kapena mpingo wanga.

Nanga mabasi awo!
Wenela yense angadwale nsanje.
Opentedwa ngati akupita kukakwatiwa,
kondakitala ali lende pakhomo kukuwa Shela, Shela, Shela,
mmene wathu amakuwira Limbe, Limbe, wotsala mmodzi,
nkhuku ya eni ake pamiyendo panga,
mkulu wina wachipewa ali mtulo paphewa langa
ngati tinabadwa bere limodzi.

Phiri lawo limasuta fodya usana,
usiku limalavula makala,
koma anthu amalima nyemba m'chiuno mwake.
Wilmer, mnyamata wonditsogolera, anaima m'munda wina
nati pansi pano pali mudzi wa amayi anga.
Sanalire.
Anatulutsa peyala m'thumba, nalidula pakati,
nandipatsa chibanthu chachikulu.
Ndinamuuza za Soche m'Chichewa,
za usiku umene miyala inatsika ngati ng'ombe zothawa khola,
za nsapato ya mwana wa a Makwinja imene ndinatola m'matope.
Iye anayankha m'chinenero cha kwawo.
Womasulira anangokhala pamwala
ataona kuti ntchito yake palibe.

Apo ndi pomwe ndinagwera.

Tsopano ndili kwathu, ndine wa pano, msonkho ndimakhoma pano,
koma minibasi ikakhota pa Kamba
maso anga amathamangira pamwamba pa Soche kufuna utsi.
Chiperoni chikaphimba Ndirande
ndimamva fungo la nkhuni zawo zonyowa.
Loweruka ndinayesa kuwomba mgaiwa m'manja,
unangoyoyokera pansi, ana anaseka mpaka kugubuduka,
nkhuku ndizo zinayamika.

Zimene anandituma ndinabwera nazo ndithu.
Botolo loyezera mvula lili pamtengo kuseri kwa sukulu,
chitsulo cha gudumu la lole chikulendewera pamtengo wa mango,
madzi akadutsa mzere wofiira
aliyense woyamba kuona amenye, tithawire ku tchalitchi.
Zinazo sanandiitanitse
ndipo mulipoti mulibe mzere wozilembapo.

Dzulo Lamulungu Fainesi anamanga kansalu kofiira kumutu.
Sananene kanthu, nanenso sindinanene.
Tikutsika njira ya kumsika,
akulumpha ngalande imene mvula ija inakumba,
anafunsa osatembenuka:
kodi kwa mkazi mnzangayo
mvula imayamba mwezi wanji?
Ali ndi pothawira?