Zilembo Zofufutika

Loweruka lililonse mumsewu wa Santa Ifigênia,
kuseri kwa sitolo ya mawaya ndi machaja,
timaunjikana pa kauntala yopapatiza ya Jurandir,
aliyense chikwama kumsana
ngati tabwera ndi ana ku sikelo.

Jurandir salambira ina koma yakuda ija,
ya kachiphuphu kofiira pakati pa zilembo.
Akuti inamupulumuka pa masitepe a sitima yapansi,
inagubuduzika mpaka pofikira,
anaitola, kuipukuta pa buluku, ndiye inayaka.
Nkhaniyi taimva kakhumi.
Masitepewo amachuluka chaka ndi chaka.

Neuza amangoti mfyuu.
Yake ndi yotuwa, yolemera ngati njerwa ziwiri,
batire lake umasolola ndi chala chimodzi.
"Za masiku ano anazimata ndi guluu," amatero,
"batire likafa, maliro ndi a makina onse.
Kupyapyala ngati bisiketi! Anapempha zimenezo ndani?"
Edivaldo alibe mawu ambiri.
Amagunditsa khutu pa fani
monga namwino pa chifuwa cha khanda,
kenako n'kugamula: fumbi chabe,
kapena, iyi isiyeni.

Tsiku limenelo ine ndinalibe mbali.
Yanga inali itazima Lachitatu
ndili mkati mowerengera misonkho ya ophika buledi a ku Mooca,
ndipo m'thumba munali mareal mazana asanu ndi awiri,
osaonjezerapo ngakhale ya khofi.

Anandiyalira malaputopu atatu pa nyuzipepala,
otsala a kampani ya inshulansi imene inatseka zitseko,
timapepala ta nambala tikadali pa zivindikiro.
Malangizo anagwa ngati mvula ya mu Januwale:
tsegula ndi dzanja limodzi umve mahinjesi,
yeretsa sikirini usake kadontho kakufa,
nunkhiza, ya wosuta fodya sibisala.

Ndinatenga yachitatu, imene palibe anaiyamikira.
Pakona inali yobenthuka.
A, E ndi O zinali zitafufutika, kungotsala mabatani osalala,
ndipo pa batani lalitali lapansi
panali kadzenje konyezimira cha kumanzere.
Ndinaikapo chala chachikulu, chinakwana ndendende.
Nanenso ndine wamanzere.
Neuza anati ndapusa. Jurandir anachotsera makumi asanu.

Kunyumba, usiku, ndinaigoneka chafufumimba pa thebulo,
tisikuluwu tisanu ndi tiwiri m'sosala.
Mkati munali fumbi la muofesi, lofewa ngati thonje,
kanjere ka chitowe,
tsitsi limodzi lalitali la imvi,
ndipo pansi pa batire, kapepala kopinda kanayi,
inki ya buluu, zilembo zopendekera chammbuyo:
Cida, dzuka uwongole msana. Mankhwala 3 koloko.

Disiki anaipukuta bwino Jurandir, sanandinamize,
munalibe chithunzi, munalibe kalata,
ngakhale dzina la mwini wake.
Koma zaka zimene munthu anasindikiza ndi zala
sazipukuta ndi pulogalamu.
Kaya anadzilembera yekha, kaya ndi mnzake wa desiki yoyandikana.
Kaya kampani itatseka analowera kuti,
msanawo unapola kapena ayi.

Ndinauzira fani, ndinaonjezera memole,
kapepala ndinakabwezera pomwe kanali.

Loweruka lotsatira anandifunsa, ikuyenda bwanji?
Ndinawapatsa zimene amakonda kumva:
batire maola awiri ndi theka,
siitentha, imadzuka ndisanathire shuga m'khofi.
Edivaldo anamvetsera fani, anavomera ndi mutu.
Jurandir anayambanso za masitepe aja,
tsopano afika makumi anayi,
Neuza akumutsutsa uku akutafuna pastelo wa tchizi.

Za Cida sindinanene.
Koma masiku ano nthawi ikati 3 koloko,
ngakhale misonkho isanathe,
ndimakankha mpando, ndimaimirira,
manja m'chiuno, kuyang'ana denga.