Mlonda wa pa Nsanjika Yachisanu ndi Chinayi

Ola lachiwiri usiku, Braamfontein.
Pansipo mateksi agona, msewu wa Jorissen uli zii,
chisanu cha Juni chikunyambita magalasi.
Ine ndi seva tikupumirana mpweya umodzi.

Kachilomboka kanabwera Lachiwiri
katavala ngati kalata ya malipiro.
Nompilo wowerengera ndalama anakatsegulira khomo,
pofika masana kanali katadzitumiza kokha
kwa aliyense amene iye anamupatsapo moni.

Mayi Mokoena anati: tseka.
Dzina usafunse, ona adiresi.
Nambala, kadontho, nambala, kadontho,
zigawo zinayi, munthu wathera pomwepo.
Ikatumiza uve kawiri, imenye chitseko pamphuno.
Zikachuluka, tseka dera lonse.

Ndiye ndikutseka.
Ndatseka mizinda yomwe sindinapondemo,
misewu yathunthu chifukwa cha nyumba imodzi,
tiyi wanga wazizira ndili pa mzere wa mazana anayi.

Mzere wotsatira ndaima.
Manambala awa ndi akwathu.

Ndikuiona kompyutayo:
ya Che Ajasi, kuseri kwa siteshoni ya sitima ku Balaka,
ya batani la A lofufutika,
yofundikidwa chitenje kuopa fumbi.
Aiiwala yoyaka, ikutsokomolera dziko lonse
osadziwa kuti ikudwala.
Pamenepo ndi pomwe mlongo wanga Ndaziona
amalipira theka la ola mwezi ukatha
kundilembera ndi chala chimodzi
za fizi, za denga, za malikisi a mwana wanga.

Pa Beitbridge paja, chaka chijachi,
wa yunifolomu sanandiyang'ane kumaso.
Anaona chikuto cha pasipoti,
nati: inu nonse, uko.
Ndinatukwana chamumtima mpaka Musina.

Lero mpando wake ndakhalira ine.
Kodi iyenso tiyi wake anali atazizira?

Sikirini ikuphethira, ikudikira.
Makalata odwala makumi asanu ndi limodzi pa ola,
ndipo lendi ya ku Yeoville sidziwa mlongo.

Ndadina.

Palibe chalira, palibe chagwa.
Balaka wangozima, mwakachetechete ngati kandulo.

Pa foni ndalemba: Ndazi, usatumizenso ku ntchito kuno.
Uwauze Che Ajasi makina awo akufunika mankhwala.
Za amene watseka chitseko sindinalembe.

Kwacha. Ndikudutsa Hillbrow manja m'thumba,
galimoto ya apolisi yachepetsa liwiro pambali panga,
zala zanga zayamba kale kufufuza pepala
lonena kuti ine ndekha, mwa onse akwathu,
ndine wololedwa kulowa.