Makalendala Awiri Patebulo

Kalata inafika Lachiwiri,
mvula ikugogoda malata a nyumba zonse za pa Cerro Barón.
Fresia anaiwerenga chiimire, jekete likudontha:
akumufuna ku Aberdeen,
akayang'anire makina opukusa magetsi ndi mphepo
amene anazikidwa pakati pa nyanja.
Ayankhe isanathe milungu isanu ndi umodzi.

Usiku ana atalowa kuchipinda
tinayala makalendala awiri patebulo
n'kuwapsinja ndi botolo la mchere.
Kuno ku Valparaíso sukulu imatsegulira mu Malichi,
uko mu Ogasiti.
Chaka chawo chimabadwa chathu chili m'chiuno.
Bulangeti lake ndi lalifupi:
ukafunda kumutu, mapazi ali pamtetete.

Amaro savuta.
Zaka khumi ndi zitatu ndi dongo losawotcha, anatero Fresia,
liumbika kulikonse.
Mwiniwake anangofunsa ziwiri:
ngati uko amasewera mpira mvula ikugwa,
ndiponso ngati galu amakwera ndege.

Mfundo yovuta kumasula ndi Ximena.
Kwamutsalira chaka ndi theka
kuti alembe mayeso olowera kuyunivesite.
Tikanyamuka tsopano
akagwera pakati pa silabasi ya eni ake,
kemisitire amene amamudziwa ngati chikhatho chake
akamuyambirenso m'chilankhulo
chimene amangochimvera m'nyimbo za pafoni.
Tikadikira, ntchito sidikira munthu.
Ndiye pali zina zimene anatiuza mlamu:
akuti uko amayamba awerenga zaka zimene wagona m'dzikomo
asanakutche mwana wapakhomo.
Zikaperewera, fizi yako ndi ya mlendo,
yokwana mtengo wa nyumba ino
pamodzi ndi masitepe ake makumi asanu ndi atatu.

Ndinaphatikiza, ndinachotsera,
ndinasongola pensulo mpaka inatsala ngati ndudu.
Fresia anati, ndadikira mwayi uwu zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
kenaka anadzigwira pakamwa
poona kuti nambalayo yangotsala pang'ono
kufanana ndi msinkhu wa mwana wake.

Lamlungu m'mawa Ximena anabwera ndi kope,
tsitsi lili lonyowa, buledi ali m'kamwa.
Makoma a nyumba ino ndi matabwa, adadi,
ndakhala ndikumva zonse.
Anatsegula tsamba lomaliza.
Mizere itatu yolemba ndi rula:
tonse tipite,
tonse titsale,
ndipo wachitatu, wozunguliridwa ndi inki yofiira kawiri,
ife sitinayerekeze n'komwe kuutchula.

Mapanga awiri avumbwitsa, ndinatero,
mawu anga akunjenjemera ngati chikepe chakale cha paphiri pathu.
Iye anati, tavumbwa kale,
panopa tikungosankha woyamba kuuma.

Sindinamuphunzitse kuyankha choncho.
Ndinamuphunzitsa kupalasa njinga, ndi kugawa manambala aatali.

Mu Ogasiti tinawaperekeza ku Santiago,
Fresia, Amaro, masutikesi anayi.
Galu anatsala, mapepala ake sanatuluke.
Pobwerera m'basi Ximena anagona paphewa langa,
makadi a mafomula ali m'manja,
limodzi linagwera pansi pa mpando, sindinamudzutse.

Tsopano ndimatsuka mbale ziwiri.
Kalendala yachiwiri ija ndinaikhoma pafupi ndi yathu,
ndipo pafiriji pali wotchi yotsogola ndi maola asanu.
Ife tikamadya chamadzulo iwo agona kale.
Amaro akuti dzuwa la uko ndi laulesi,
akuti wapeza mnzake dzina lake Callum
amene amalankhula ngati watafuna miyala.

Ximena amawerenga mpaka usiku kwambiri.
Sananenebe ngati akadzakhoza adzawoloka
kapena adzasankha yunivesite ya m'munsi mwa phiri lino,
imene ndimaiona ndikamayanika zovala.
Sindifunsa.
Ndimaima pazenera, galu atatsamira mwendo wanga,
kuyang'ana zombo zikutuluka padoko,
kuwerenga miyezi khumi ndi isanu ndi umodzi pazala
ngati kuti mawa ndipeza yankho lina.