Ng'anjo ya Tengiz

Ku Tbilisi, kamsewu kotsetsereka ka ku Sololaki,
Tengiz amadzuka mzinda usanatsokomole.
Ng'anjo yake ndi dzenje ladothi,
amaweramiramo mpaka m'chiuno
kumata mtanda wa buledi pakhoma lotentha.

Kale ankaphika mpaka usiku,
mabuledi mazana anayi, kenako ena,
kufikira tsiku lomwe dzanja linanjenjemera
buledi n'kugwera pamakala.
Anangoima, kumuyang'ana akunyeka.
M'chifuwa mwake namo munali mutatsala phulusa lokha.

Tsopano dzuwa likafika paliwombo amatseka zenera,
mzere wa ogula utalike bwanji.
"Ukalamba wakupezani?" amatero Eteri wogulitsa maluwa.
Iye amangoseka,
n'kukhala pathumba la ufa, nsapato atavula,
kudya tchizi ndi tomato mmodzi,
foni ili chafufumimba pashelefu,
kenako tulo ta mphindi makumi awiri.

Mtanda ukaumana mpumulo, sufufuma.
Zaka zonsezi ankadziwa zimenezi za ufa basi.

Chakumadzulo amatsegulanso.
Buledi ngwochepa kusiyana ndi kale
koma palibe wopserera,
ndipo pofika kunyumba
amabereka mdzukulu wake Nutsa
masitepe onse mpaka pamwamba,
akumuimbira, mpweya ulipo.