Mwini Wake Sakupezeka

Ku Tampere mu Januwale dzuwa limabwera ngati munthu wa ngongole:
mochedwa, mozemba, osakhalitsa.
Ndimalowa pa geti la fakitale ya mapepala kusanache,
baji ya mlendo pachifuwa.
Chaka chachitatu tsopano, ndidakali mlendo.

Adandilemba ganyu yosamutsa mudzi wosaoneka,
mafayilo zikwi makumi anayi,
makalata, mapulani, mikangano ya misonkhano yakalekale,
kuchoka mu seva ya m'chipinda chapansi
kupita kumalo atsopano kumene, amatero a Rautiainen,
"tonse tizigwirira ntchito limodzi."
Ndimangovomera ndi mutu. Mawu amenewo ndidawagulitsa ndine.

Pulogalamu sibisa kanthu, amabisa ndi anthu.
A zandalama adakhoma khomo lawo ndi maloko asanu ndi awiri.
A zamalonda adatsegulira aliyense, ngakhale woyendetsa lole.
Fayilo imodzi ili ndi mayina anayi:
yomaliza, yomaliza yeniyeni, yomaliza ya Pirkko, musakhudze.

Lachiwiri usiku msamuko udaima panjira.
Zilembo zofiira: mwini wake sakupezeka.
Foda imodzi yokha. Eino Lahdenperä.
M'mawa ndidafunsa pa makina a khofi.
Pirkko adayang'ana m'kapu mwake nthawi yaitali.
"Tidamuika chaka chatha, chipale chisanasungunuke."

Chilolezo chimatsika ngati chuma chamasiye,
kholo kupatsa mwana, foda ndi foda.
Koma Eino adadula mzerewo yekha,
kiyi n'kupita nayo.

Lachinayi timakumana pamwamba pa laibulale ku Hervanta,
anthu khumi ndi awiri, kukazizira asanu,
nsapato zonyowa pakhomo, mabanzi a sinamoni patebulo.
Masana timalimbirana makasitomala omwewo.
Madzulo palibe wotulutsa invoisi.
Ndidaimirira n'kunena kuti, ndalephera,
mawu amene mlangizi sanena ali pa malipiro.
Tuulikki, yemwe adandilanda kontilakiti ya chipatala mu Okutobala,
adakoka laputopu yanga osapempha.
Mizere khumi ndi isanu ndi umodzi. Adalemba uku akutafuna.
"Nanenso adandipatsa wina wa ku Oulu," adatero.
"Dzina lake ndidaiwala."

Foda idatseguka pakati pa usiku, kukhitchini kwanga.
Ndinkayembekeza manambala.
Munali tifayilo mazana atatu, timizere tiwiritiwiri.
Makina achitatu akalira ngati ketulo, chepetsa nthunzi.
Akatsokomola kawiri Lolemba, asiye, n'kuzizira chabe.
Pepala likanunkha buledi wopserera, usadikire belu.
Zaka makumi awiri za khutu la munthu mmodzi,
ndipo palibe adaziwerengapo.

Ndondomeko yanga, yolemba ndekha, tsamba lachinayi,
imati zopanda mwini zifufutidwe pakatha masiku makumi atatu.
Ndidaiwerenga kawiri. Ndiyomveka bwino.
Ndimalemba bwino ine.

Mawa lake ndidatsalira mpaka shifiti ya usiku,
ndidatsika masitepe achitsulo omwe baji yanga siwadziwa.
Oskari ali ndi miyezi isanu pantchito,
ndevu zikadali kuganiza zomera.
Ndidamupatsa foni. Adawerenga milomo ikuyenda,
adachotsa chotsekera khutu kumanzere,
adapendeka mutu.
Ine ndinkangomva phokoso.
"Ketulo," adatero, n'kuthamanga osabweza foni.

Atabwera, m'bokosi la mwini ndidalembamo dzina lake.
Kamzere kobiriwira kadayambanso kukwawa,
pang'onopang'ono, ngati basi ya ku Hervanta pa msewu woterera.

Pa pepala la maola, Lachinayi ndidasiya posalemba.
A Rautiainen adaloza ndi cholembera:
"Apa simudagwire ntchito?"
Ndidati ayi.
Kufotokoza kukadatenga ola lina, lolipiritsa.

Mizere ya Tuulikki ndaisunga m'thumba la jekete,
pa kapepala kopinda panayi.
Akuti kwabwera mtsikana wa ku Pori,
amakhala kumbuyo, sanafunsepo kanthu.
Sabata yamawa mabanzi ndi anga.