Mphini za Zitsulo

Belu la sikisi likamalira ku Chinika
ine ndavula kale nsapato za matope a ku Kanyama,
ndakhala pa mpando wanga wopendekeka
pafupi ndi kamakina kotuwa kosadziwa moni.
Ndikakadina, kamatulutsa lilime lalitali la timapepala,
kalikonse ndi mizere yake yakuda,
wonenepa, woonda, woonda, wonenepa,
ngati mbidzi yodulidwa nthulinthuli.

Ntchito yanga n'kupatsa zitsulo mayina.
Mabawuti, mawashala, ndodo za mjigo,
timasipuling'i toti n'kusochera m'thumba la malaya.
Kuno chitsulo chopanda chizindikiro ndi mwana wamasiye:
sichikwera lole, sichiwerengedwa,
chimagona m'bokosi la pakona
mpaka dzimbiri litachikwatira.

A Sakala osunga katundu,
zaka makumi atatu pa fakitale ino,
ankadziwa bawuti poyinyamula m'manja, maso ali kwina.
Lero anawapatsa kamfuti ka kuwala kofiira.
Amaloza, kamati tii,
iwo n'kugwedeza mutu
ngati munthu amene mlendo akumuuza njira ya kwawo.

Lachitatu lija magetsi anathima katatu.
Jenereta itatsokomola n'kudzuka
riboni inali itakwinyika m'kati, ine osaona,
maganizo ali pa lendi.
Mzere umodzi wokha, woonda ngati tsitsi, unasowa.
Timapepala mazana asanu ndinamata ndi chala changa chomwechi.
Madzulo kamfuti kanangoti zii.
Kupukuta, kuloza, zii.
Bwana Mvula anatsika, tayi ili paphewa:
"Zelipa, lole ya ku Chipata ili pageti,
ndiye ukundiuza kuti zitsulo zaiwala mayina awo?"

Tinamatula mpaka naini usiku,
zikhadabo kuthyoka, ulimbo kuda m'zala.
A Sakala sanaweruke.
Anakhala pa kreti, kunyamula chimodzichimodzi n'kutchula:
iyi ya twelofu, iyi ya sikisitini,
aka n'kakumutu kwa mjigo,
ine kusindikiza pambuyo pa mawu awo
ngati mwana wa sukulu wolemba zomuuza.
Sanaphonye ngakhale kamodzi.
Za kamfuti kaja sananene kanthu,
anangokapukuta ndi malaya n'kukabweza m'dirowa.

Amayi anga anali ndi mphini zitatuzitatu m'masaya.
Atafika m'tauni muno ankaziphimba ndi dzanja akamaseka,
koma tsiku lina pa msika wa Soweto
mayi wogulitsa nyemba anawagwira mkono osafunsa dzina:
"Inu ndinu akwathu, a ku Chadiza."
Analira onse awiri pakati pa matumba.
Ine nkhope yanga ndi yosalala,
palibe chowerenga.
Mphini ndimatema pa zitsulo,
ndipo zimapita kumene ine sindinafikeko.

Dzulo pa mjigo wa kuseri kwa tchalitchi,
ndili pamzere ndi zigubu ziwiri,
ndinakaona pansi pa chogwirira:
kapepala kanga,
kotumbuluka ndi dzuwa, ngodya imodzi itatukuka,
mizere ikadalipo yonse, ndinayiwerenga.
Ndinakakanikiza ndi chala chachikulu
monga ndimachitira tsiku lililonse,
ndipo kwa kanthawi ndinaiwala madzi.

Mayi wa kumbuyo kwanga anagogoda chidebe:
"Popani, amayi.
Kapena mwabwera kudzawerenga?"