Mkuwa ndi Bango

Anabwera nacho Lachiwiri, chokulunga m'thawulo lakale,
ku Magaba kuno, kumene nyundo sizipatsana mpata,
kumene ine Lufeyo ndimakhoma zidebe ndi mbaula.
Amvekere: Ndine Edina, mwana wa Waisoni Chikwemba.
Bambo anatisiya mu Juni. Ichi chinali kunsi kwa bedi.
Mungachidzutse?

Ndinafunyulula.
Khosi lopindika ngati la kakowa wotopa,
thupi la mkuwa lochita mawanga obiriwira,
mabatani ena ali lende, ena ogwa mphwayi,
kukamwa kwake kukununkhabe fodya wa munthu woti kulibe.
Sakisofoni.
Chibadwire sindinaigwirepo,
koma njala ya ku Mbare silola mmisiri kunena kuti sindidziwa.
Ndinati mubwere Loweruka.

Usiku mdzukulu wanga anandiwerengera pafoni
za mmisiri wa ku Belijiyamu, mwana wa mmisiri mnzake,
amene m'zaka za m'ma 1840
anafuna mawu apakatikati,
ofewa ngati chitoliro koma osamezedwa ndi malipenga
asilikali akamaguba pabwalo.
Anatenga lilime la bango
nalilumikiza ku thupi la mkuwa.
Ku Parisi amisiri anzake anamukokera kumakhoti
mpaka matumba ake anabooka.
Mwana anabadwayo, kwa amalipenga sanali wawo,
kwa azitoliro anali mlendo wonenepa.

Ndinaseka ndekha mumdima.
Bambo anga anayenda pansi kuchokera ku Ntcheu, kuoloka pa Tete,
kudzaphikira mzungu ku Halale.
Kuno amati ndife obwera, anthu opanda mudzi.
Kumudzi, nditapita kamodzi kumaliro,
anati Chichewa changa chikununkha Chishona.
Lilime la uko, thupi la kuno.
Ndinachisisita chinthucho ngati mphwanga.

Lachitatu ndinang'amba nsapato ya ukwati wanga
kudula timagamba totseka maenje.
Masipuling'i ndinapota ndi waya wa buleki ya njinga.
Chivindikiro cha botolo la vinyo, chotola kuseri kwa hotela,
ndinachisenga kuti chigwire khosi.
Bango ndinakathyola ku Mukuvisi, madzi akuda ali m'maondo,
ndi kulipala ndi lezala mpaka kuona kuwala mkati mwake.
Asanu ndi limodzi anang'aluka.
Lachisanu ndi chiwiri linapirira.

Loweruka Edina anafika atavala zakutchalitchi.
Ndinapuma, ndinauzira.
Chinalira ngati mbuzi yopanidwa pachitseko.
Nyundo zonse zii.
Kenako phwete la anyamata owotcherera mageti,
wina mpaka kugwetsa magalasi.

Koma mkulu wogulitsa mabawuti, Sekuru Mandizha,
anadzuka pa kreti yake, nayandikira,
chala chili pa chibonyo cha kumlomo wa mkuwa.
Ichi anachibonyola ndi ineyo, akutero, ndi chigongono, tikuvina.
Waisoni sanandilankhule miyezi itatu.
Akaimba uja, ngakhale apolisi ankaiwala chimene abwerera.

Edina anangoti kukamwa yasa.
Bambo ake iye ankawadziwa ngati mlonda wa pafakitale,
munthu wosaimba ngakhale mluzu.

Anachilandira. Anapukuta bango ndi mpango wake,
zala zikusochera pa mabatani.
Koyamba, mphepo yokha.
Kachiwiri, mphepo.
Kachitatu kunatuluka liwu limodzi lapansi, lalitali,
lonjenjemera ngati munthu wobwera kutali
akuodira pakhomo loti sakudziwa ngati amukumbukira.

Sitinaombe m'manja.
Basi ya ku Mufakose inaliza hutala, nyundo zinayambiranso.
Anandipatsa madola asanu, atatu ndidzatenga pakutha kwa mwezi.
Batani lachinayi likutayabe mpweya, ndinamuuza,
nsapato inayo ilipo, mudzabwere nacho.
Lero m'mawa ndakhoma chidebe,
ndipo ndadzipeza ndikuchimvetsera.